Makina Sadziwa Maina

Filimu siikhala muyaya. Ya Kodachrome, imene inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1935 nilekeka m'caka ca 2009, imasunga maonekedwe ace ikakhala mumdima, koma imafwifwa ikawalitsidwa kawiri-kawiri. Ya Ektachrome yakale imasanduka yofiirira ngakhale mumdima momwemo. Ndiponso cinyontho ca dzinja cimabala cuku cimene cimadya cithunzi pang'ono-pang'ono.

Izi zinabvuta mtima wa mnyamata wina wa ku Chipata, amene atate ace anamsiyira kabokosi ka masilaidi. Masilaidi ndi tizithunzi ta filimu tomangidwa m'timafelemu, timene kale ankationetsa pakhoma ndi nyali yamphamvu. Atatewo anatijambula dzina la mzindawo likali Fort Jameson.

Tsono mnyamatayo anabwereka makina ochedwa sikana. Mkati mwace kuunika kumapyola filimu, ndipo diso la makina limawerenga timadontho 4,000 pa inchi imodzi nilitumiza cithunzico ku kompyuta. Iye anayamba wauzira pfumbi pa silaidi iriyonse, pakuti kacitsotso kosaoneka ndi maso kamakula ngati mwala pankhope ya munthu.

Nchito itatha, nkhope zinaoneka bwino ndithu: amai atabvala maduku pakhomo la calici, ndi amuna atagwira mbendera yatsopano pa 24 October 1964. Komatu iye sanadziwe ndi mmodzi yemwe mwa anthuwo. Makina anapulumutsa nkhope, koma maina sanali pa filimu.

Pomwepo ananka kwa azakhali ace, amene anatsala okha mwa abale a atate ace, nati, "Azakhali, kodi awa ndani?"

Gogoyo anapenyetsetsa nthawi yaitali nayankha, "Mwana wanga, awa ndi agogo ako. Awa a cipewa ndawaiwala. Atate ako akadakuuza."

Tsiku lonse mnyamatayo analemba maina, midzi ndi zaka pansi pa cithunzi ciriconse. Anthu ambiri anadziwika, koma a cipewa aja anakhalabe mlendo pakati pa abale ao.

Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Amene ali ndi masilaidi m'nyumba asacedwe, pakuti nkhalamba zimatha msanga kupambana filimu. Sikana ingabwerekedwe caka camawa, koma wodziwa maina ayenera kufunsidwa akali moyo.