MANTHA A PA FONI NDI MANTHA A PANSI PA MGODI

Ine ndine nkhalamba ya ku Dedza. Nchito ya mgodi ndinaileka kale, ndipo tsopano ndikhala ku St Mary's, m'Chitungwiza.

Usiku wina magetsi atazima ndinamva mdzukulu wanga alikukuwa kucipinda. Ndinathamanga ndi ndodo poyesa mbala, koma ndinampeza ali ndi anzace atatu, mitu pamodzi pa foni, alikuseka. Iye anati, "Agogo, khalani pansi muyeseko."

Masewerawo dzina lace ndi Five Nights at Freddy's, ndipo anawapanga munthu mmodzi wa ku America, Scott Cawthon, m'caka ca 2014. Wosewera akhala mlonda wa usiku m'nyumba yodyeramo. Sayenda, sathawa, alibe cida. Nchito yace ndiyo kudina ndi cala pa makamera ndi pa zitseko ziwiri, kuyambira 12 koloko usiku kufikira 6 koloko m'mawa, pamene zidole zazikuru, cimbalangondo, kalulu, nkhuku ndi nkhandwe, zirikumdzera mumdima. Akatseka zitseko nthawi yaitali magetsi amthera, natsala poyera. Usiku umodzi supitirira mphindi 10. Anthu anawakonda kwambiri, kotero kuti m'caka ca 2023 anapangapo kanema.

Ndinayesa. Kawiri ndinagwidwa, kacitatu ndinafika m'mawa, cifukwa ndinayamba kuchera khutu ndi kusunga magetsi. Izi ndi zimene mgodi unandiphunzitsa: nyali yako uisamale, ndipo mwala ukayamba kulira pamwamba pako, coka.

Pamenepo ndinazindikira cimene ana awakondera. Ifenso paubwana wathu tinkathawa zirombo za Gule Wamkulu mtima ulikugunda, koma mawa lace tinkabwereranso kukaona. Mantha amene munthu angathe kuwazima ndi cala akoma ngati tsabola m'ndiwo.

Koma cimene cindisowetsa tulo ndi ici: mdzukuluyo afuna kupita ku maenje a golide pamodzi ndi makorokoza, pakuti nchito m'tauni mulibe. Usiku womwewo ndinamuuza kuti, "Mwanawe, apa ukafa ungodina ndi kuyambanso. Pa 6 June 1972 ku Wankie, kumene lero ati Hwange, mgodi wa malasha wa Nambala 2 unaphulika, nafa anthu 427, ena a iwo a kwathu ku Malawi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayambanso."

Anakhala cete, kenaka anafunsa, "Kodi inu munkaopa, agogo?"

Ndinati, "Tsiku ndi tsiku. Ndico cifukwa cace ndikali ndi moyo."

Kufikira lero sanapite, koma cikwama cace ciri comanga kale kuseri kwa citseko.

Inu amene mudzatsika pansi mawa, musacite manyazi ndi mantha anu, ndipo musamseke mnzanu amene akana kulowa pamalo poipa. Masewera sewerani Lamulungu ndi kuseka, koma pansi cherani khutu. Paja mau a akuluakulu akoma akagonera.

Tsalani bwino nonse.