Za Amai Aphunzitsi Amene Agona ku Glasgow

Abale ndi alongo a m'bungwe lathu la maliro: Ndapempha Alembi kuti andipatse malo m'kalata ya mwezi uno, cifukwa ndiri ndi mau pa za Amai Aphunzitsi, amene anatisiya kutali ku Scotland naikidwa komweko. Dzina lao sindilichula, popeza pano palibe wosawadziwa, ndipo ngakhale nkhalamba zinali kungowaitana Amai Aphunzitsi.

Ine ndine wothyola tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndinakula osaponda m'kalasi. Ndinali ndi ana atatu kale pamene amaiwa anayamba kuphunzitsa akuluakulu madzulo, ataweruka kusukulu ya ana. Tinali kukhala pa khonde lao ndi nyali imodzi ya koloboyi. Tsiku loyamba sanatipatse buku. Anajambula sikelo pa bolodi nati, "Bambo, ngati simudziwa nambala izi, dengu lanu lidzapepuka masiku onse." Patapita miyezi iwiri ndinaima pa sikelo ndi kuwerenga ndekha makilo anga, ndipo kalaliki wina amene anazolowera kulemba zocepa anandiyang'ana nakonza colembaco osanena kanthu. Ngati lero ndalemba kalata iyi ndi dzanja langa, ndi cifukwa ca khonde lija.

Ana athunso anadutsa m'manja mwao. Mukumbukira caka ca 1994, pamene boma linacotsa fizi ku pulaimale, ana anadza ocuruka kotero kuti makalasi sanakwane. Amaiwa anatenga Standard 1 pansi pa mtengo, ndipo mvula ikabwera anali kuwalowetsa m'chalichi. Kunyumba nako anali ndi ana ao anai, amene anawalera okha bambo wao atamwalira, ndipo maliro a bamboyo ndife tinaika.

Koma cimene ambiri tinali kudabwa naco ndi kuthamanga kwao. Ali mtsikana anali katswiri wa mpira wa nchemberembaye, ndipo atakwatiwa sanaleke. Ife tikamapita kumunda m'bandakuca, tinali kukomana nao m'miseu ya pakati pa tiyi alikuthamanga, atabvala diresi lalitali, popeza masiku amenewo lamulo la 1973 linaletsa akazi kubvala mathalauza pagulu. Ena anali kuseka nati mai wa ana anai afunanji ndi liwiro. Iwo anali kungokweza dzanja osaima. Loweruka anali kusonkhanitsa atsikana a m'makomboni pa bwalo la sukulu, mpira wace wopanga ndi mapepala ndi luzi, ndipo mtsikana wojomba m'kalasi sanali kuloledwa kusewera. Comweco atsikana ena amene akadathawira ku banja msanga anatsiriza sukulu cifukwa ca mpira.

Atapuma nchito, mwana wao wamkazi, amene ndi namwino ku Glasgow, anawaitana kuti akamthandize kulera zidzukulu. Kwa amene simudziwa, Glasgow ndi mzinda waukuru wa ku Scotland, pa mtsinje wa Clyde, ndipo mudzi wa Blantyre kumene anabadwira David Livingstone uli pafupi, m'mbali mwa mtsinje womwewo. Iwo anakhala ku Gorbals, dera la kumwera kwa mtsinjewo, kumene kale kunali kukhala anthu osauka ogwira nchito m'mafakitale, mothithikana ngati ife m'makomboni. Patsidya pali bwalo lalikuru la Glasgow Green. Anandilembera kuti m'mawa uli wonse anali kuoloka mlatho kukathamanga kumeneko, ngakhale m'nyengo yozizira pamene dzuwa licedwa kuturuka, imvi ziri mbuu kumutu. M'caka ca 2014, pa masewera a Commonwealth ku Glasgow komweko, anapita kukaonera Malawi Queens, amene anatsiriza pa malo acisanu, ndipo anati anakuwa kufikira mau anawathera.

Kalata yao imene ndaisunga bwino ndi yonena za manda. Ku Gorbals kuli manda aakuru ochedwa Southern Necropolis, amene anatsegulidwa m'caka ca 1840 kuti anthu a nchito wamba aziikidwa mwaulemu pa mtengo wokhoza iwo kulipira. M'menemo mwagona anthu pafupifupi 250,000. Pakati pao pali Thomas Lipton, mwana wa ku Gorbals komweko, amene analemera ndi malonda a tiyi, dzina lace nalikhala pa mapaketi dziko lonse, namwalira m'caka ca 1931. Amai Aphunzitsi analemba kuti anaima pa manda ace naganiza za ife othyola, ndipo anaona kuti osauka a ku Scotland naonso anali kuopa cimene tiopa ife, kuikidwa ngati wopanda abale. Pansi pa kalatayo anafunsa ngati Asungicuma analandira zopereka zao za miyezi isanu ndi umodzi.

Tsono nkhani yagona apa, abale. Zaka zonse zimene anakhala kunja sanaphonye copereka ngakhale mwezi umodzi. Buku la Asungicuma liripo, ali yense angathe kuliona. Atadwala anauza ana ao kuti asataye ndarama zambiri kunyamula mtembo pa ndege, koma awaike ku Glasgow komweko, ndipo anawo anamvera. Pa msonkhano wathawu ndinamva ena alikunena kuti popeza sitinagule bokosi, sitinakumbe manda, ndipo sitinaphike nsima ya adzukulu, bungwe liribe mangawa. Amene ananena zimenezi sindiwada, cifukwa thumba lathu ndi locepa ndipo caka cino maliro atigwera kawirikawiri. Komanso malamulo athu analembedwa pamene palibe anaganiza kuti mmodzi wa ife angafere kutsidya kwa nyanja.

Koma taganizani. Ana athu ambiri tsopano ali ku Johannesburg, ena kutali koposa, ndipo ena a iwo amatumiza zopereka. Tikanena kuti wofera kutali alibe gao, mawa adzaleka kutumiza, ndipo adzakhala olondola. Makolo anati maliro n'kulirana. Amaiwa anatilirira ife zaka zambiri; m'mabokosi a abale athu amene tinaika muli ndarama zao.

Pempho langa liri pawiri. Coyamba, ndarama imene bungwe limapereka pa bokosi ndi cakudya iperekedwe yonse kwa ana ao, monga ticitira ndi wina ali yense. Mwana wao wamkuru wandiuza kuti akailandira afuna kugula mipira ndi makope a sukulu ija, koma zimenezo ndi zao, ife tingopereka. Caciwiri, tilembe m'malamulo kuti membala wolipira bwino ndi membala, kaya manda ace ali kuseri kwa komboni kaya ali ku Glasgow.

Pa msonkhano ukudzawu ndidzaimirira ndi mau amenewa. Amene munaphunzira pa khonde lija, ndi inu amai amene munasewera mpira wa luzi, bwerani msanga, ndipo musaiwale makadi anu.

Ndatha ine wanu m'bungwe,
Wothyola tiyi wa ku Thyolo.