Polisi Yosamanga Munthu

Mtsikana wina wa ku Mabvuku, kum'mawa kwa mzinda wa Harare, atalembedwa ntchito yogulitsa inshuwalansi ya maliro, anaphunzitsidwa kwa sabata ziwiri. Anapatsidwa chikwama, mafomu ndi mawu oloweza pamtima, ena m'Chingerezi, ena m'Chishona. Za Chinyanja, chimene chimamvekabe m'makomo a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Dzivarasekwa, aphunzitsiwo sanatchuleko. Komatu iye ndi mdzukulu wa mtchona wa ku Dedza, ndipo anthu amene ankati awagulitse ndi omwewo amene amakumana nawo kutchalitchi ndi pamaliro.

Tsiku loyamba anaodira pakhomo la bambo wina wachikulire, amene atate ake anabwera kuchokera ku Ntcheu pa basi ya Ulere. Atapatsana moni, mtsikanayo anati, "Agogo, ndabwera ndi nkhani ya polisi." Nkhope ya mkuluyo inasintha. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitupa chake, manja akunjenjemera.

Mawu a Chingerezi otchulira pangano la inshuwalansi, akadutsa pa lilime lathu, amamveka chimodzimodzi ndi dzina la anthu omanga anzawo. Ena angaseke, koma kwa mkuluyu sizinali zoseketsa. Anabadwira ku Salisbury, komabe kwa zaka zambiri chitupa chake chinkamutchula kuti mlendo, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 anthu ngati iye analandidwa ngakhale mwayi wovota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC ndi nzika. Munthu wotere akamva za polisi pakhomo, maganizo ake sapita ku maliro.

Usiku umenewo mtsikanayo anakhala pansi ndi amayi ake n'kuyamba kusanthula mawu a m'chikwama muja. Anazindikira kuti palibe chachilendo chimene ankagulitsa. Matchona a ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique anali ndi masosaite a maliro kalekale m'makomboni ndi m'migodi, chifukwa wofera kutali ndi kwawo analibe mbumba yomuika. Choncho ndalama ya mwezi ndi mwezi anaitcha chopereka, monga amanenera kusosaite. Chimene kampani imapereka imfa ikagwa anachitcha chipepeso chopanganiranatu. Miyezi yoyamba, imene munthu amalipira koma sangathandizidwe, anaitcha nyengo yodikira. Ndipo mawu amene anzake ankawanena mothamanga iye anawamasulira mosabisa: ukaleka kupereka, pangano limafa, ndipo zimene unapereka kale sizibwerera.

Atabwereranso, mkulu uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa funso limene silinali m'maphunziro. "Mdzukulu wanga, ndinapereka zaka zambiri ndili pantchito. Itafika 2009 anandiuza kuti zonse zasanduka ndalama yosagula n'thumba la ufa lomwe. Lero wabwera ndi chiyani chosiyana?"

Sankanama. Ndalama ya Zimbabwe itatha mphamvu mu 2008 ndipo dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, penshoni ndi inshuwalansi za anthu ochuluka zinasungunuka, mpaka mu 2015 boma linakhazikitsa bungwe lofufuza nkhaniyi lotsogozedwa ndi woweruza wopuma George Smith. Anthu a m'makomo amenewa anaphunzira ndi misozi kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mtsikanayo sanalumbire kuti sizidzachitikanso. Anatambasula fomu n'kuwerenga mzere ndi mzere m'Chinyanja: kuti pangano limeneli likulonjeza zinthu, bokosi, galimoto yonyamula maliro ndi basi ya operekeza, kuti chopereka chikhoza kukwera, kuti thupi salipititsa ku Ntcheu, malire ake ndi Zimbabwe yomweyi, ndiponso kuti akadzawachenjerera ali ndi kokadandaula, ku bungwe la boma la IPEC loyang'anira inshuwalansi ndi penshoni. Ankadziwa kuti mwina akudzitayitsa ndalama yake ya mwezi umenewo, pakuti iye amalandira malinga ndi anthu amene walemba.

Mkuluyo sanasaine tsiku limenelo. Anati ayambe wafunsa ana ake ndi akuluakulu a sosaite yawo, imene sankafuna kuisiya. Patapita sabata zitatu anatumiza mwana kukamuitana. Mtsikanayo anapeza anthu anayi atakhala pamthunzi, aliyense ndi chitupa chake m'manja.

"Bwereza zija unandiuza," anatero mkuluyo, "uyambire paja pangano limafera."

Awiri analembetsa, awiri anakana. Mawu aja anawalemba pa pepala limodzi, Chingerezi kumanzere, Chinyanja kumanja, ndipo mnzake wina wogulitsa ku Mufakose anabwera kudzalikopera.