Kalata kwa mphwanga wa ku Mufakose

Wokondedwa mphwanga,

Mayi ako andiuza kuti ndalama zimene wakhala ukusunga ukufuna kugulira maikolofoni ya condenser, ija yaikulu imene umaiona pa zithunzi za masitudiyo. Ndati ndikulembere usanakwere kombi yopita m'tauni. Yamba waleka.

Maikolofoni imeneyo ili ndi makutu akuthwa. M'chipinda chako cha ku Mufakose idzatola gitala pamodzi ndi hutala ya makombi, wailesi ya aneba ndi mvula ya padenga. Pa gitala ya magetsi gula ya dynamic, monga Shure SM57, imene yakhala m'masitudiyo kuyambira 1965. Iyo imamva kwambiri chimene chili pafupi nayo. Koma chenjera, zachinyengo zachuluka. Uiike moyandikana ndi nsalu ya ampu, mpata wa zala ziwiri. Ukailozetsa pakati penipeni pa sipika mawu amatuluka obaya, ukaisendeza cham'mbali amafewa. Unika ndi tochi pansaluyo kuti uone pamene pali pakati, ujambule pang'ono, usendeze, ujambulenso, mpaka khutu livomere.

Usanatero, khala pansi umvetsere "Chitekete" ya Leonard Dembo ya mu 1991, ndi chimbale cha Alick Macheso cha Simbaradzo cha mu 2000. Usavine, ungomvetsera. Lidi ili ndi njira yake, ridimu yake, bezi yakenso, ndipo palibe imene ikuponda inzake. Sungura imafuna mawu a gitala oyera. Choncho distortion uisiye, reverb ikhale yochepa, apo ayi tinsambo tothamanga tija timasanduka phala. Posakaniza, ridimu uikankhire pang'ono kudzanja limodzi, lidi kudzanja lina, bezi ikhale pakati. Bezi sifuna maikolofoni: ilowetse mwachindunji pa DI box, kapena pa khomo la interface lolembedwa INST.

Macheso ndi Nicholas Zakaria wa Khiama Boys ndi ana a kwathu, makolo awo anachokera ku Malawi monga agogo ako. Iwo pokajambula ku Gramma Records, kumene Bothwell Nyamhondera anajambula zimbale zambiri za sungura, ankalowa nyimbo zitapsa kale, ataziimba usiku ndi usiku pamaso pa anthu. Ndikudziwa undiuza za anyamata a Chillspot ku Matapi, ku Mbare, amene anatchuka kuchokera m'kachipinda. Ulemu ndimawapatsa. Koma riddim ya zimdancehall imabadwira m'kompyuta momwemo. Nyimbo yako imayambira pa chala, idutse pa nsambo ndi pa waya, ndipo chikalakwika pamenepo kompyuta sichikonza. Nsambo zadzimbiri uzisinthe kutatsala tsiku limodzi kuti ujambule, kuti zatsopanozo zikhazikike, ndipo uzichuna gitala nthawi iliyonse usanajambule, ngakhale wangochuna kumene.

Mdani wako wamkulu ndi kung'ung'udza kwa magetsi. Magetsi a ku Zimbabwe, monganso kuno, amayenda pa 50Hz, ndipo ma pickup a single-coil amatola phokoso limenelo. Ukalimva usathamangire kugula chipangizo china. Yamba wazula chaja ya laputopu, ujambule ndi batire. Nthawi zambiri limathera pomwepo. Likapitirira, tembenuka pang'onopang'ono gitala ili m'manja, upeza mbali imene likuchepa, ndipo ukhale choncho. Waya wa gitala ukhale waufupi, usagone pamodzi ndi mawaya a magetsi, ndipo filiji isakhale pa soketi imodzi ndi ampu. Magetsi akathima, zula zonse, chifukwa pobwera amatha kuotcha zinthu. Ma inverter otchipa ndi jenereta zazing'ono amaonjezera phokoso lawo. Ndi chifukwa chake laputopu ya batire labwino ndi interface yodyera pa USB, monga Focusrite Scarlett, ndi zimene ndingakulangize kuikapo ndalama zotsala.

Pojambula usakweze gain mpaka nyali yofiira. Ika pa 24-bit, ndipo pamene wamenya mwamphamvu pazifika cha pa -10dB. Mawu otsika umatha kuwakweza pambuyo, koma ong'ambika ang'ambika basi.

Matileyi a mazira amene anzako amamata kukhoma satchinga phokoso la panja, ndipo moto ukabuka amayaka msanga. Imika matiresi kukhoma, upachike mabulangete okhuthala, ampu uikweze pa mpando. Nthawi yojambula usankhe ya m'mawa ana ali kusukulu, osati Loweruka.

Ukamaliza nyimbo yoyamba, uimve pa foni ndi pa kasipika ka Bluetooth, poti anthu adzaimvera pamenepo. Bezi ikasowa pa foni, onjezera mawu ake a pakati, osati a pansi. Kenaka unditumizire pa WhatsApp ngati document, kuti isafinyidwe, ndipo utumize iwiri: yosakaniza ndi ya magitala okha.

Upereke moni kwa mayi ako ndi alongo ako. Azakhali ako kuno ku Ndirande akuti usaiwale kujambulako nyimbo imodzi ya Chichewa.

Ndine,
Malume ako