Duwa loyenda la ku Nacala

Ana a ku Kambulatsitsi amaidziwa bwino sitima ya malasha. Imacokera ku Moatize, ndipo ikafika kuno njanji imagawika pawiri. Yakale imatsikira ku Mutarara mpaka ku Beira. Yatsopano, imene anaitsegula mu 2017, imadutsa m'Malawi ndi kukafika ku Nacala, mtunda wa makilomita 912 kucokera ku Moatize. Njanji zonse ziwiri zimathera pa nyanja ya mcere, koma anthu ambiri a kuno sanaionepo nyanjayo.

Mlimi wina wa kuno, bambo wa ana anayi, anatsata njanji yatsopanoyo caka cimene cimanga cace cinapsa ndi dzuwa. Ku Nacala analembedwa nchito ya m'nyumba. Kusesa ndi kucapa sizinamuvute. Cimene cinamuvuta ndi bokosi lagalasi limene linali pa balaza, lodzaza ndi madzi a m'nyanja okwana malita 300. Dzina lace ndi akwaryo. M'katimo munali miyala ya nthambi ngati timitengo, ndi ina yotambalala ngati bowa. Nsomba zinali zowerengeka.

"Zonsezi n'zamoyo," anatero bwana. "Cimodzi cikafa, ndidzadula pa malipiro ako."

"Ndamva, bwana," anayankha mlimi. Koma mumtima anaseka. Mwala umafa bwanji?

Sinali miyala wamba. Anali makorali. Korali ndi mudzi wa tizilombo ting'onoting'ono. Kalikonse kali ndi kamwa lozunguliridwa ndi timanja tofewa. Timatenga laimu wosungunuka m'madzi ndi kumangira nyumba yolimba. Takale tikafa, tatsopano timamanga pamwamba pace, ndipo pakapita zaka mazana ambiri pamakhala thanthwe lalikulu. Pa Ilha de Moçambique, cilumba cimene cili kum'mwera kwa Nacala, nyumba zakale anazimanga ndi miyala yotere, ngakhalenso linga la São Sebastião limene anayamba kulimanga mu 1558.

M'thupi mwa tizilomboti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso. Nderezi zimapanga cakudya ndi kuwala, monga mmene limacitira tsamba la cimanga, ndipo zimagawirako mwini nyumba. Cifukwa ca ici nyale ya pamwamba pa akwaryo inayenera kuyaka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku lililonse.

Za mcere mlimi anazimva msanga. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mcere wa magalamu 35. Kukatentha madzi amaphwa, koma mcere umatsala. Wophika aliyense amadziwa kuti ndiwo zikaphwerera mcere umawawa, ndipo umathiramo madzi osati mcere wina. Iye analemba kamzere pa galasi, ndipo madzi akatsika ankaonjeza madzi oyera opanda mcere kufikira pa kamzereko. Kutentha ndiko kunamusowetsa tulo. Makorali amafuna madzi a madigiri 25 kapena 26. Madzi akatentha kwambiri kwa masabata angapo, korali amalavula ndere zace, amayera mbuu, ndipo amafa ndi njala. Mu 1998 nyanja yeniyeniyo inatentha, ndipo makorali ambiri a kumpoto kwa Moçambique anafa motero. Utsi wa malasha, amene sitima zija zimanyamula, uli m'gulu la zinthu zimene zikutenthetsa dziko ndi nyanja zace. M'nyengo ya cilimwe mlimi ankaumitsa madzi m'mabotolo ndi kuwayandamitsa m'bokosimo.

Miyezi isanu ndi itatu inatha popanda cakufa. Kenaka mwana wa bwana anaona m'filimu kansomba kofiirira ka mizere yoyera, nayamba kukalirira. Kansombako kamakhala m'kati mwa cinthu cochedwa anemona. Bwana anagula zonse ziwiri.

Anemona ndi m'bale wace wa korali, koma samanga nyumba ya mwala. Amaoneka ngati duwa lalikulu la manja ambiri. M'manja mwacemo muli timivi taululu tosawerengeka, ndipo cimene camukhudza amacilasa. Munthu wa khungu lofewa amamva ngati wagwira citedze. Kansomba kaja sikalasidwa cifukwa thupi lace lili ndi mamina otelera amene amakateteza. Kamabisala m'manjamo, ndipo pobwezera kamathamangitsa nsomba zofuna kudya anemona.

Bwana analoza pakati pa makorali. "Umuike apa, alendo azimuona."

Kutaca anemona panalibe. Anali atasuntha mtunda wa cikhatho. Mlimi anayang'anitsitsa naona kuti duwalo lili ndi phazi limodzi lomata, ndipo limakwawa pang'onopang'ono ngati nkhono. Tsiku lacitatu manja ace anafika pa korali wa nthambi. Paliponse pamene anakhudza, mnofu unasupuka, mwala woyera unatsala poyera. Mlimi anawerenga nthambi zoyerazo, nakumbuka makope ndi yunifomu za ana ace.

Usiku umenewo anakhala pa mpando pafupi ndi galasi, naganiza za munda wace. Cimanga, nyemba ndi maungu zimakhalira limodzi bwinobwino. Koma palibe mlimi amene amabzala dzungu pa phando lililonse. Dzungu limayanga, ndipo ukalipatsa malo ocepa limakuta zinzace. Komabe dzungu muzu wace umakhala pamodzi, ndipo nsonga yace ungathe kuitembenuza ndi dzanja. Anemona amayenda ndi muzu womwe. Pamenepo anakumbuka mbuzi ya pa cingwe. Mbuzi ikayamba kukoka cingwe, sikuti yapenga. Msipu watha, kapena dzuwa laiwotcha. Ndiye kuti anemona nayenso anali kuthawa kanthu. Pamene anamuika paja kuwala kunali kocepa, madzi a pampu anali kumuomba, ndiponso panalibe mng'alu wobisamo phazi.

Kumuzula sikunali kotheka. Phazi la anemona likang'ambika amatha kufa, ndipo akafa amawola msanga ndi kuononga madzi onse usiku umodzi.

M'mawa anawomba m'manja. "Bwana, mundilole ndisunthe makorali. Duwali tilisiye lisankhe lokha pokhala."

"Makorali ndinawayala ndekha. Ukufuna undisokonezere?"

"Iyayi bwana. Koma awa sayenda. Uyu amayenda. Wosayenda ndi amene tingamuuze pokhala."

Bwana anang'ung'udza, koma nthambi zoyera zija anali kuziona. Analola.

Mlimi anaunjika makorali onse mbali imodzi. Mbali inayo anamanga kacilumba ka miyala, kokhala ndi kaphanga, pansi penipeni pa nyale. Pakati anasiya mcenga wokhawokha, pakuti anemona wa mtundu umenewo amakonda mwala, sakonda kuyenda pa mcenga. Mwala umene anemona anamatapo anaunyamula wonse ndi kuukhazika pa kacilumbako. Pampu anaitembenuza kuti madzi azifika mofatsa. Kukamwa kwa pampu anatsekako ndi sefa, cifukwa anemona akayamwidwa ndi pampu amadulidwa tizidutswa. Wophika anamupatsa cidutswa ca neti ya udzudzu, koma iye anakana. Netiyo ili ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo za m'bokosimo n'tizilombo. Patatha masiku awiri anemona analowetsa phazi m'kaphanga muja, natambasula manja. Sanasunthenso.

Nkhondo sinathere pomwepo. Makorali aja tsopano anali othinana. Usiku wina mlimi anaunika ndi toci, naona zimene masana sizioneka. Korali wina wooneka wofatsa anali atatulutsa timanja tatitali ngati ulusi, akukwapula mnansi wace. Makorali ofewa, amene alibe mwala, ali ndi njira yao: amatulutsa ululu m'madzi kuti anzao asakule. Anayenera kuwatalikitsa onse, aliyense ndi malire ace, monga amacitira a nyakwawa pogawa minda. Anaikanso kathumba ka makala apadera amene amayamwa ululuwo, ndipo sabata iliyonse ankacotsa malita 30 a madzi ndi kuthiramo atsopano.

M'nyanja zolengedwa zimenezi zimakhaladi moyandikana. Amene amapita ku zilumba za Bazaruto, zotetezedwa kuyambira mu 1971, kapena za Quirimbas, zotetezedwa kuyambira mu 2002, amaziona pa thanthwe limodzi. Koma kumeneko malo ndi aakulu, ndipo mafunde amatsuka ululu usana ndi usiku. Bokosi la malita 300 ndi kadimba. Kufuna kuti zokongola zonse za m'nyanja zikwane m'menemo ndi dyera la maso, ndipo kawirikawiri amene amalipira dyeralo si mwini bokosi. Tsiku lina magetsi anazima madzulo. Pampu itaima, mpweya wa m'madzi unayamba kucepa. Bwana anakagona. Mlimi anacezera kutunga madzi ndi jagi ndi kuwathiranso kucokera m'mwamba, mpaka magetsi anayaka tambala woyamba atalira.

Korali wa nthambi uja sanafe. Mnofu watsopano unayamba kukwawa kucokera kumunsi, ndipo pofika miyezi inayi mabala ambiri anali atatsekeka. Nthambi ziwiri zinauma. Bwana sanadule malipiro, ndiponso sananenepo kanthu.

Pa Khirisimasi mlimi anabwera kumudzi ndi nsomba zouma ndi makope a ana. Madzulo anafotokoza za nchito yace pa khonde la mai ace.

"Mwananga, ndiye kuti unapita kutali konseko kukaweta miyala?"

"Ndi yamoyo, amai. Imadya, imadwala, imamenyana."

"Nanga duwa loyendalo, limadyedwa?"

"Iyayi, amai. N'longoona."

Gogoyo anapukusa mutu naseka mpaka kutsokomola. Koma mwana wace wamkazi wa mlimiyo, wa kalasi yacinayi, sanaseke. Anafunsa kuti duwalo limadziwa bwanji kumene kuli kuwala pamene lilibe maso. Atate ace anati, "Mai, dzungu lili ndi maso kodi?" Mtsikanayo anapita kuseri kwa nkhokwe kukayang'ana nsonga ya dzungu.

Atabwerera ku Nacala, wophika anamucingamira pa khomo nati, "Acimwene, duwa lanu labereka." Anemona akakula amatha kudzing'amba pakati ndi kukhala awiri, ndipo ndi zimene zinacitika. Bwana anali wokondwa, pakuti anagula mmodzi ndipo tsopano anali nao awiri. Wina anali m'kaphanga mwace pamodzi ndi kansomba kaja. Winayo sanadutse pa mcenga. Anakwera pa galasi, ndipo anali atayenda kale theka la njira yopita kwa korali wa nthambi. Mlimi anaika cikwama pansi, nasamba m'manja ndi madzi okha opanda sopo, napinda malaya mpaka m'mapewa.