Funde la Zambezi ndi Usiku wa ku Dambwa North

Dziko la Zambia liribe nyanja yamcere. Munthu wofuna kuona anyamata akuimirira pa thabwa ndi kutsetsereka pamwamba pa mafunde amauzidwa kuti apite ku Durban kapena ku Tofo, m'dziko la Mozambique. Komatu masewera omwewo alipo ku Livingstone kuno, ndipo alendo ena amaoloka nyanja ndi mathabwa ao kudzafuna funde la mumtsinje wa Zambezi.

Tinafikira ku Dambwa North, komboni imene alendo a m'mahotela saidziwa. M'mamawa mumakumana ndi ophika, oyendetsa mataksi, alonda ndi opalasa mabwato akuthamangira ku nchito, wina akulankhula Citonga, mnzace akuyankha m'Cilozi, onse n'kumalizira m'Cinyanja. Kucokera m'tauni kufika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi makilomita ngati 10. Za mathithiwo, amene David Livingstone anawaona mu 1855, zalembedwa kale zambiri. Ife tinali pa ulendo wa kumunsi kwace.

Madzi akagwa amalowa m'cigwa copapatiza ca Batoka, momwe amathamanga pakati pa makoma a miyala yakuda. Mu 1981 gulu la Sobek la ku America linatsika mtsinjewu pa mabwato a mphira, ndipo kucokera pamenepo nchito yoyendetsa alendo m'cigwamo inayamba. Malo oopsa anapatsidwa manambala. Pa nambala 11 ndi pamene pali cozizwitsa: kawiri pa caka, madzi akamakwera ndiponso akamatsika, pamabadwa funde lopindika ngati la kunyanja. Kusiyana kwace n'kwakuti funde la kunyanja limayenda n'kukafera pamcenga, koma ili limaima pamalo amodzi, madzi ndiwo amadutsa. Wodziwa thabwa amakhalapo mpaka miyendo itatopa. Wosadziwa, Zambezi amamumeza n'kukamulavula kutsogolo, maso ali psuu. Pakapita masiku owerengeka fundelo limazimirira.

Amene anatigwira mtima si alendowo ai, koma amtengatenga. Njira yoturukira m'cigwa ndi yoimirira, yoti mlendo wopanda katundu amapuma kangapo asanafike pamwamba. Anyamata a m'midzi ya kwa Mfumu Mukuni amakwera njira yomweyo atasenza bwato lopindidwa, nkhafi ndi mabokosi a zakudya, ena atabvala mapatapata. M'zithunzi zimene alendo amapita nazo kwao anyamatawa saonekamo kawirikawiri, cikhalireco popanda iwo palibe bwato limene lingafike pamadzi.

Dzuwa likapendeka, cisangalalo cimasamukira kumtunda kwa mathithi, kumene mabwato akuluakulu amayandama pakati pa mvuu, ng'oma ndi malimba zikulira. M'tauni alendo ndi eni mudzi amabvina mpaka tambala woyamba. Koma usiku weniweni uli ku komboni. Kumeneko nyama imawauka pa mbaula, botolo la Mosi limayenda, nyimbo za kalindula zimapikisana ndi zatsopano, ndipo wopalasa amene masana anali kulamula alendo m'Cingelezi amakhala pa benci n'kumasimba za mzungu amene anagwa m'madzi katatu. Ndalama ya m'cigwa imathera pano: kwa mai wogulitsa vitumbuwa, kwa mwini nyumba, ku sukulu ya ana.

Pa benci pomwepo ndi pamene tinamva mkangano. Maboma a Zambia ndi Zimbabwe, kupyolera mu Zambezi River Authority, akhala akukonza zomanga damu m'cigwa ca Batoka, pafupifupi makilomita 50 kumunsi kwa mathithi, loti lipereke magetsi okwana mamegawati 2,400 ogawana maiko awiriwa. Damulo likadzamangidwa, madzi adzabwerera m'mbuyo n'kumiza malo ambiri amene mabwato amadutsa lero. Opalasa akuti imeneyo ndi mphika wao wa nsima. Koma aliyense ku Dambwa akukumbukira cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ometa tsitsi ndi owocherera zitsulo n'kungokhala manja lende. Wowocherera wina anafunsa kuti funde la masiku ocepa pa caka lingamuyatsire bwanji makina. Wopalasa anayankha kuti damu likamangidwa pa mtsinje womwewo, cilala cidzalipezanso.

Ife tikuona kuti funso la wopalasa liyenera kuyankhidwa bwino ndi akatswiri a Boma, pamodzi ndi lina lakuti amtengatenga a kwa Mukuni adzagwira nchito yanji. Wofuna kuona fundelo afunsiretu kwa oyendetsa mabwato za msinkhu wa madzi asanakwere basi ku Lusaka, cifukwa masiku ace amasintha caka ndi caka.