Kugula Nyumba pa Phiri la Soche

Mlendo wofika mu mzinda wa Blantyre akakweza maso amaona nyumba zambiri zomangidwa m'mbali mwa phiri la Soche. Anthu amakondako cifukwa malo ndi otsika mtengo, kamphepo nkabwino, ndiponso nchito iri pafupi. Koma munthu wanzeru safulumira kupereka ndalama zace.

Poyamba amakaona nyumbayo m'nyengo ya dzinja, kuti adziwe njira imene madzi a mvula amatsata. M'mwezi wa March caka ca 2023 namondwe Freddy anadza ndi mvula ya masiku angapo. Matope ndi miyala zinatsika m'phirimo, nizikwirira nyumba ndi anthu ambiri ku Chilobwe ndi ku Manja.

Kaciwiri amafunsa za madzi akumwa. Madzi ambiri a mzindawu amapopedwa kucokera ku mtsinje wa Shire, ndipo akacepa, mipope ya kumtunda ndiyo imayamba kuuma.

Kacitatu amapempha kalata ya malowo, nakafunsa kwa akuru a mzinda ngati nkololedwa kumangapo.

Nzoona, kufufuza kotere kumatha masiku. Koma m'nyumbamo mudzagona ana ace. Paja akale anati, safunsa anadya phula.